Matabwa a Kumbuyo kwa Pikapu Yakale Akamangowola: Gwero la Vuto ndi Kakonzedwe Kake ku Mangochi Kuno

Pikapu zakale zambiri zimene zikuyendabe kuno ku Mangochi, kaya ndi Peugeot 504, Datsun, Hilux yamakedzana kapena Land Cruiser, injini zake zidakali ndi moyo koma chitsulo cha pansi pa bodi chinatha kalekale ndi dzimbiri. Eni ake anapita kwa owotcherera, anamangitsa felemu, n'kuyalapo matabwa. Zina zochepa zinachoka kufakitale ndi matabwa kumene. Chevrolet 3100 ya pakati pa 1947 ndi 1955 inkabwera ndi matabwa a paini opakidwa utoto wakuda, ndipo Ford F-100 ya 1953 inalinso ndi matabwa okhala ndi timizere tachitsulo pakati pake.

Dandaulo la eni galimotozi limafanana. Munthu wagula matabwa atsopano, kalipentala wayala bwinobwino, koma mvula isanagwe kachitatu matabwa ayamba kugwedera, pa mabawuti pada bii, ndipo tsiku lina phazi la wokweza katundu lilowa pansi. Ambiri amathamangira kunena kuti anagulitsidwa mtengo wachabechabe. Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri thabwa limafa kuchokera kunsi, pamene lagona pa chitsulo, chifukwa madzi alowa n'kusowa potulukira, kapena chifukwa lamangidwa mothina kwambiri moti likamatupa ndi kufota limadzing'amba lokha. Mukasintha matabwa osakonza ziwirizi, mudzabwereranso kwa wogulitsa matabwa yemweyo.

Lowani kunsi kaye

Musanagule chilichonse, tsukani galimoto kunsi, iume, ndipo mulowe ndi tochi ndi sikuludiraiva. Bayani thabwa lililonse pamalo atatu: pamene lakhudza mtanda wachitsulo, mozungulira bawuti, ndi kumapeto kwake kuseri kwa kabini. Thabwa labwino limakana, nsonga imangosiya kachizindikiro. Lowola limalandira sikuludiraiva mosavuta ngakhale pamwamba likuoneka langwiro. Gogodaninso mitanda ndi hamala. Ikamagwetsa zikhungwa za dzimbiri kapena kubooka, dziwani kuti ntchito ya wowotcherera iyenera kuyamba, ya kalipentala pambuyo.

Mwa malo atatuwa, kuseri kwa kabini ndi kumene kumawola msanga, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Pikapu ikakhala yopanda katundu masipuling'i amanyamula kumbuyo, bodi imapendekera kutsogolo, madzi onse a mvula ndi otsukira amakaima pamenepo pamodzi ndi mchenga, mamba a nsomba ndi masamba a mango.

Thabwa lawola pa mtanda ndi pa bawuti

Chimene chimawoletsa mtengo ndi tibowa tosaoneka ndi maso, ndipo timakula pokhapokha chinyezi cha m'thabwa chikapitirira pafupifupi 20 peresenti kwa nthawi yaitali. Thabwa limene lanyowa m'mawa n'kuuma masana silimawola. Dzuwa la Mangochi limaumitsa pamwamba mu ola limodzi, n'chifukwa chake pamwamba pamanamiza. Koma pakati pa thabwa ndi mtanda sipafika dzuwa kapena mphepo. Matayala amaponyera matope pamenepo, matopewo amagwira madzi masabata, ndipo mtengo ndi chitsulo zimawonongana: chinyezi cha m'thabwa chimadyetsa chitsulo dzimbiri, dzimbiri limatupa n'kusunga madzi ochuluka.

Anthu ena amati ndi nyanja imene imadya magalimoto kuno. Madzi a nyanja ya Malawi ndi a Malombe alibe mchere, sangadye chitsulo ngati mmene zimakhalira ku Beira kapena ku Nacala. Zimene zimadya bodi ndi zomwe timanyamula. Madzi a ayezi osakanikirana ndi magazi a chambo ndi utaka amatsika m'mabowo a mabawuti ulendo uliwonse wochokera kudoko. Thumba la mchere likabooka limasiya mchere m'ming'alu. Choopsa kuposa zonse ndi feteleza: timibulu ta yureya tikatsalira m'mipata timakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo bawuti wamba amadyeka mpaka kuwonda pakati pomwe simukuona. Pikapu imene yanyamula feteleza mu Novembala n'kungosesedwa osatsukidwa imafika mu Malichi mabawuti ake atadyeka ndi dzimbiri.

Palinso chizolowezi choyala lona, pulasitiki kapena mphira pamwamba pa matabwa kuti atetezeke. Ngati chinthucho chimachotsedwa ulendo ukatha, palibe vuto. Chikakhala pomwepo mwezi wonse, matabwa amakhala onyowa usana ndi usiku, ndipo amawola msanga kuposa akanakhala pamtetete.

Kukonza kwake kumayambira pa chitsulo. Chotsani matabwa onse, osati lowola lokha, chifukwa mtanda umene wawoletsa limodzi uli pansi pa enanso. Mabawuti ogwira dzimbiri musalimbane nawo ndi sipanala, aduleni ndi gulayindala. Thabwa lakale limodzi kapena awiri muwasunge kuti akhale muyezo wa utali ndi malo a mabowo. Palani dzimbiri ndi burashi yawaya mpaka chitsulo chioneke, pakani redi okisaidi (utoto wofiira woteteza chitsulo ku dzimbiri) kawiri, kenako utoto wamafuta kapena phula. Mtanda wa chitsulo chobowoka m'kati umadyeka kuchokera m'katimo, choncho uboolereni kabowo ka mamilimita 8 kunsi kwake mbali zonse ziwiri kuti madzi azituluka. Mitanda italikirane masentimita 40 mpaka 50. Ikatalikirana kuposa apo thabwa limanepa likalemedwa, ndipo kunepa kumeneko ndi kumene kumakulitsa mabowo.

Za kuwotcherera ndinenepo mosabisa, chifukwa thanki ya mafuta ya pikapu zambiri ili pansi pa bodi pomwepo. Chotsani waya wa batire, ndipo thanki ichotsedwe n'kuikidwa patali. Musakhulupirire zoti ilibe mafuta ndiye palibe choopsa: thanki ya petulo yopanda kanthu imakhala yodzaza ndi mpweya wa petulo, ndipo umenewo ndi umene umaphulika. Pa chesesi penipeni musalole kuwotcherera kapena kuboola mwachisawawa, gwiritsani ntchito mabowo amene alipo kale.

Mipata yakula, kapena matabwa atukumuka

Ili ndi vuto limodzi looneka mitundu iwiri. Mtengo ukamauma umafota m'lifupi, ukamanyowa umatupa m'lifupi momwemo, koma m'litali susintha kwenikweni. Thabwa laliwisi siliyamba kufota mpaka chinyezi chake chitatsika kufika pafupifupi 30 peresenti, n'chifukwa chake limatha kuoneka louma m'manja pamene lisanayambe n'komwe kuchepa. Thabwa la bulugamu la masentimita 20 loyalidwa lili laliwisi limatha kutaya sentimita yathunthu pofika Okutobala. Mabawuti amakhalabe pamene anaikidwa, ndiye thabwa limang'aluka kuchokera pa bowo kukafika kumapeto.

Mbali inayo ndi ya matabwa ouma bwino amene anayalidwa mogundana m'chilimwe. Mvula ikayamba mu Disembala amatupa, amasowa kopita, ena amanyamuka pakati, ena amakankha zitsulo za m'mbali mwa bodi.

Kuno kuli amisiri odziwa kukhoma maboti a matabwa, ku Mpwepwe ndi m'madoko ena, ndipo ndi aluso kwambiri. Koma mukapatsa ntchito mmisiri wozolowera boti, mugwirizane naye kaye. Dzanja lake linazolowera kugundanitsa matabwa ndi kumata mpata uliwonse kuti madzi asalowe, zomwe n'zoyenera pa chinthu chokhala m'madzi nthawi zonse. Pikapu imanyowa ndi kuuma kosalekeza, madzi adzalowa basi, ndiye chofunika n'chakuti apeze njira yotulukira.

Siyani mpata wa mamilimita 4 kapena 5 pakati pa matabwa. Msomali wa mainchesi 4 woimika pakati umapereka mpata umenewu popanda kuvutika ndi tepi. Mpatawu ndi wa matabwa ouma oyalidwa pakati pa Ogasiti ndi Novembala. Ngati mukuyala mu Febuluwale, matabwa atatupa kale ndi chinyezi, chepetsani kufika mamilimita 2 kapena 3, chifukwa udzakula wokha. Kuseri kwa kabini siyani sentimita imodzi yathunthu, ndipo m'makona a kutsogolo musamatemo chilichonse.

Wogulitsa matabwa aliyense amati "louma ili bwana", ndipo simungamutsutse ndi maso. Njira yodalirika ndi sikelo. Tengani thabwa limodzi, liyezeni pa sikelo ya ogula nandolo kapena chimanga, lembani kulemera kwake pathabwa pomwepo, ndipo muziliyeza sabata iliyonse. Likasiya kupepuka kwa masabata awiri kapena atatu, lauma. Poumitsa, musawayanike padzuwa, amang'aluka ndi kupindika. Aunjikeni pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, ndi timitengo topingasa pakati pa thabwa ndi linzake pa theka la mita lililonse, timitengoto tiyang'anizane kuchokera pansi mpaka pamwamba. Ikani cholemera pamwamba, ndipo kumapeto kwa thabwa lililonse pakani utoto wotsala kuti kusaume mofulumira kuposa pakati. Miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi yabwino pa ntchitoyi. Thabwa la mtengo wolimba la inchi imodzi limafuna miyezi ingapo, osati masabata.

Mtengo woti mugule

Mlombwa ndi umene ndingaike patsogolo. Umafota pang'ono kwambiri, supindika wamba, mtima wake suwola msanga ndipo chiswe sichiukonda. Mbawa imagwira ntchito koma ndi yofewerapo, migolo ndi njerwa zimaisiya ndi mabala. Muwanga ndi tsanya n'zolimba zedi, koma zimatha mano a sowo, zimavuta kuboola, ndipo n'zolemera. Tiwerengere: bodi ya mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi, matabwa a mamilimita 25, ikhala ndi makilogalamu pafupifupi 45 mpaka 50 a mlombwa, koma a tsanya apitirira 80. Kusiyana kwake sikufika thumba limodzi la chimanga, komabe ka Datsun kokwera zitunda za Chowe kupita ku Namwera kazinyamula kulemera kumeneko tsiku lililonse, kali ndi katundu kapena ayi.

Mitengo yachilengedwe imeneyi ili ndi lamulo lake. Lamulo la Zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chilolezo podula ndi ponyamula, ndipo galimoto yogwidwa ndi matabwa opanda mapepala ikhoza kulandidwa. Matabwa otchipa ochokera m'nkhalango za Namizimu kapena Phirilongwe obwera usiku angakulandeni pikapu imene mukuikonzayo. Funsani mapepala. Njira ina imene anthu amaiderera ndi matabwa akale: zitseko, mabenchi ndi mabedi a mlombwa otha ntchito. Mtengo umenewo unauma zaka zambiri zapitazo, sudzafotanso kwambiri, mungouchotsa misomali musanaupale.

Kwa amene thumba silikulola, malaina ndi abwino kuposa mmene anthu amawaganizira. Akauma amakhala chete, sapindika, kungoti amachedwa kuuma ndipo ndi ofewa, choncho tengani okhuthala. Paini wa ku Zomba kapena Chikangawa wosathiridwa mankhwala sakhalitsa pa galimoto yonyamula nsomba. Wothiridwa mankhwala obiriwira aja amakhalitsa, koma mankhwalawo ali ndi kopa (mkuwa) amene amadya bawuti wamba, ndiye pamafunika mabawuti a galavanaizi, ndipo chakudya chisagone pathabwa popanda choyala. Paini ndi malaina zikhale za mamilimita 32 kapena 38. Bulugamu ndi wolimba komanso wotchipa, koma ndi amene amang'aluka ndi kupotoka kwambiri. Ngati mwasankha ameneyo, akhale wa mtengo wokhwima, wouma ndithu, ndipo matabwa ake akhale ang'onoang'ono m'lifupi.

Mtengo uliwonse umene mwasankha, kanani thabwa lokhala ndi mbali yoyera ya kufupi ndi khungwa. Ngakhale pa mlombwa, mbali yoyerayo imafumbwa ndi kuwola ngati mtengo wamba. Mukaona timabowo ting'onoting'ono ndi ufa wa mtengo pansi pa galimoto, yang'anani bwino, mupeza kuti n'kumbali yoyera. Kanani lokhala ndi mfundo yaikulu pakati. Matabwa a masentimita 10 mpaka 15 m'lifupi savuta kwambiri ngati otambalala. Yang'ananinso kumapeto kwa thabwa: limene mizere ya zaka yaima chilili silipindika kwambiri, limene mizere yagona mokhota limasanduka ngalande. Ngati lapindika kale pang'ono, liyaleni linunda lili m'mwamba kuti madzi azitsetsereka.

Mabawuti akungokhwepa, bodi ikulira

Misomali ichoke m'nkhani ino. Sikuluwu zoboola zokha zimathamangitsa ntchito, koma pa misewu ya fumbi ya ku Katuli kapena ku Makanjira zimaduka mitu. Gwiritsani ntchito mabawuti a mutu wobulungira a mamilimita 8, a galavanaizi, ndi nati yokhala ndi pulasitiki m'kati kapena manati awiri omangana.

Njira ya mafakitale akale ija ndi yoyenera kuitengera. Bawuti sankadutsa m'thabwa ayi. Ankadutsa m'kamzere kachitsulo kogona pamwamba pa mpata wa matabwa awiri, n'kutsika mumpatamo kukagwira mtanda. Kamzereko kankapana m'mphepete mwa matabwa onse awiri, ndipo thabwa linkatupa ndi kufota momasuka popanda bowo loti ling'alukirepo. Wowotcherera aliyense angakudulireni fulati ba ya mamilimita 40 m'lifupi ndi 3 kukhuthala. Kalipentala apale kamsewu m'mphepete mwa thabwa kuti chitsulocho chikhale pansi pang'ono koma chitsale chotumphukira milimita imodzi, kuti migolo ndi makasiketi zizikhulira pa chitsulo osati pa mtengo. Pa njira imeneyi mpata ukhale mamilimita 10 kuti bawuti adutse. Ikuyankhanso funso la a geni amene amakana mipata poopa kuti usipa, mchenga kapena chimanga chomwazika zizigwera mumsewu: mpata ulipo, madzi akutsika, koma pamwamba patsekedwa. Zitsulozo zipakidwe utoto mbali zonse zisanaikidwe.

Ngati mukuboola m'thabwa momwemo, thabwa laling'ono m'lifupi limangofuna bawuti mmodzi pakati pake pa mtanda uliwonse. Lotambalala likafuna awiri, bowo limodzi likhale lokulirapo ndi mamilimita 2 kuti pakhale posunthira. Bowo lisayandikire kumapeto kwa thabwa kuposa masentimita 5. Musanaboole, onani kunsi pamene padutsa mapaipi a mabuleki, a mafuta ndi mawaya a magetsi a kumbuyo, ndipo mangani tepi pa chiboolero kuti chisapitirire.

Kumanga mopyola muyezo ndi kulakwitsa kumene anyamata a pagalaja amachita ndi mtima wabwino. Mutu wa bawuti ukamira m'thabwa umaphwanya mtengo n'kupanga kadziwe, ndipo kuwola kumayambira pomwepo. Mangani mpaka mutu ukhale bwino pathabwa, basi. Pakati pa thabwa ndi mtanda ikani kamzere ka chubu chakale kofanana ndi mtandawo m'lifupi, kosatulukira m'mbali kuti kasakole matope. Kamaletsa kulira komanso kukhulana. Pakatha masabata awiri akuyenda, lowaninso kunsi ndi sipanala, mupeza manati ambiri akufuna kupotokola pang'ono. Chitaninso chimodzimodzi kumapeto kwa Okutobala, matabwa atafota kotheratu.

Pamene pali pakamwa pa thanki pokhala geji ya mafuta, dulani kachidutswa ka thabwa kochotseka pakokha. Tsiku limene geji idzavute simudzamasula bodi yonse.

Zopaka zikusupuka

Vanishi amakongola pa tsiku lotulutsa galimoto, ndipo pa pikapu yongosungidwa m'galaja kuti anthu aziisirira palibe choletsa. Pa yogwira ntchito padzuwa la kuno, amang'aluka m'miyezi yochepa, madzi amalowa m'ming'alu n'kutsekeredwa pansi pake. Utoto wamafuta umachitanso chimodzimodzi ukakandika, ngakhale umapirira dzuwa kuposa vanishi.

Chabwino ndi mafuta olowa m'kati mwa mtengo. Mafuta a linisidi owiritsa amapezeka m'mahadiweya. Ulendo woyamba asungunuleni ndi tapentaini kuti alowe, pakani, dikirani theka la ola, pukutani otsala, ndipo mubwereze kawiri kapena katatu polekeza tsiku limodzi kapena awiri. Chachikulu n'chakuti izi zichitike matabwa atadulidwa ndi kubooledwa koma asanamangidwe, kuti mafuta afike kunsi, m'mbali, m'mabowo ndi kumapeto. Kumapeto ndi kumene kumamwa madzi kwambiri, ndiye kuviikeni m'chitini usiku wonse ngati n'kotheka. Kupaka pamwamba pokha galimoto itamangidwa kale n'kukongoletsa mbali imene inalibe vuto. Nsanza zopukutira linisidi musaziunjike pakona: zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni motambasula panja kapena ziponyeni m'ndowa ya madzi.

Oyilo wakuda wochoka mu injini ndi amene ambiri amadalira, ndipo sindinganame, amathamangitsa madzi ndi chiswe. Koma ali ndi zinthu zapoizoni, sauma, amaterera mvula ikagwa, ndipo fungo lake limalowa m'nsomba ndi m'matumba a ufa. Pa galimoto yonyamula chakudya kapena anthu asafike pamwamba. Mankhwala akuda opaka mapolo a magetsi ndi mipanda nawonso chimodzimodzi.

Thabwa limodzi likada n'kuuma mophulika pamene ena ali bwino, onani ekizozi. Kawirikawiri paipi inawotchereredwa pafupi kwambiri kapena inabooka n'kumapemerera thabwalo. Itsitseni, kapena ikani lata pakati, losiya mpata wa mphepo mbali zonse ziwiri. Chiswe chimangofika pa galimoto imene yaima miyezi pa dothi, udzu ndi nthambi zikukhudza kunsi, ndiye ngati ikudikira sipeya, iimikeni pa simenti kapena muziisuntha.

Bodi ikatha, kasamalidwe kake n'kochepa. Mukanyamula nsomba, mchere kapena feteleza, tsukani tsiku lomwelo ndi madzi ambiri, kunsi komwe, ndipo dutsitsani kawaya kapena mpeni wakale m'mipata kuchotsa mchenga wa kugombe. Poimika galimoto m'dzinja, mutu ukhale kumtunda kuti madzi azithawira ku chitseko cha kumbuyo, chomwe mungachisiye chotsekula. Mafuta a linisidi abwerezedwe pamwamba kamodzi pa chaka, mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala matabwa ali ouma, ndipo tsiku lomwelo sikuludiraiva ibayenso malo atatu aja.